Mofini wa amayi walandidwa ndi malume, ndipange bwanji?

Nachisale: Moni nonse pa gulu pano, pepani ndalemba usiku koma mutu wanga sukugwira. Amayi anga ali ndi khansa ya khomo la chiberekero, achipatala anatiuza mosabisa kuti yafalikira ndipo za opaleshoni tiiwale. Anatipatsa botolo la mofini wamadzi, wobiriwira uja, ndi kasirinji kopanda singano koyezera. Nde malume afika kuchokera kumudzi, atangoona botololo alanda ayika mchikwama chawo, akuti amenewa ndi mankhwala omalizira munthu, akutinso ukayamba susiya. Achimwene anga ali ku Joni nawonso akungoimba foni kuti musayerekeze, iwo akuona okha zomwe mankhwala amenewa akuchita kwa anyamata kumeneko. Pano amayi akungomwa panado ndi bulufeni, usiku onse kubuula, agwira chitsulo cha bedi osasiya. Ine mwana wamkazi ndingalimbane bwanji ndi eni mbumba?

Mai a Tadala: Ayi abale inu. Botolo libwerere lero lomwe, asadikire kuche.

Kabaza Boy: Koma malumewo sakunama kwenikweni. Agogo anga anawapatsa zomwezo Lachitatu, Lachisanu tinali pa maliro. Mundiuza chani?

Nesi Wopuma: Pepa mwana wanga Nachisale. Ndiyambe ndi a Kabaza chifukwa nkhani yawoyi ndaimva kambirimbiri pa ntchito. Chimachitika nchakuti ife tonse, achibale ndi achipatala omwe, timamuopa mofini, nde timadikira dikira mpaka wodwala watsala masiku awiri atatu ndi pomwe timati basi mpatseni. Akamwalira aliyense amaloza botolo, pomwe munthuyo khansa inali itamudya kale miyezi yambiri akulira ndi panado. Ine ndasamalirapo azimayi omwe amwa mofini chaka chathunthu akupita kudimba, wina ankagulitsa tomato pamsika botolo lili mkachikwama. Mankhwalawa sachiza khansa, izo tisanamizane, koma safupikitsa moyo akaperekedwa mwa ndondomeko yake.
Ndondomekoyo si ya ife anesi ayi, a WHO anaitulutsa mu 1986, makwerero atatu. Ululu wochepa panado, bulufeni kapena aspirin. Ukakwera codeine kapena tramadol. Ukafika poti munthu sakugona ndi mofini. Amayi ako adutsa kale pa khwerero loyambalo. Ndipo bulufeni akumwayo ndi amene akundidetsa nkhawa ine kuposa mofini, munthu amene akutaya magazi kumusi komanso khansa ya pamalo amenewo imakonda kutseka njira za mkodzo impso nkuvutika, bulufeni amaonjezera mavuto onse awiri. Ukafunse kuchipatala ngati apitirize.

Nachisale: Zikomo anesi. Anatiuza kuti azimwa maola 4 aliwonse olo asakumva kupweteka, malume ndi pomwe anakwiyira, ati munthu amwa bwanji mankhwala asakumva kuwawa, si kumuzoloweza dala kumeneko?

Nesi Wopuma: Mofini wamadzi amagwira mthupi pafupifupi maola 4 basi kenako watha. Ukadikira kuti ululu ubwerere kaye nde umafunika wambiri kuti uutsitse, komanso wodwala amakhala ndi mantha tsiku lonse kudikira kuti ziyambanso nthawi yanji. Ife tinkawalembera pa pepala: 6 mmawa, 10, 2 masana, 6 madzulo, 10 usiku. Ambiri pa 10 usiku paja amauzidwa kumwa muyezo wowirikiza kuti asadzutsidwe 2 koloko, koma izo tsata zomwe akulembera mbuku la amayi, usatengere za pa gulu pano. Masiku oyamba adzaodzera, mwina mseru ndi kusanza, zimenezo zimatha pakapita masiku ochepa. Chomwe sichitha ndi kudzimbidwa, aliyense womwa mofini amadzimbidwa, nde mapilitsi otsegula mmimba aziyendera limodzi kuyambira tsiku loyamba. Chizindikiro choti uthamangire kuchipatala: akugona osadzutsika ukawagwedeza, akupuma motalikitsa kwambiri, kapena mkodzo wachepa. Impso zikafooka mofini amaunjikana mthupi nde muyezo umayenera kusinthidwa. Kuchipatala kuli jakisoni wa naloxone amene amabweza mphamvu ya mofini pa mphindi zochepa.

Mai a Tadala: Za kudzimbidwazo ndi zoona zenizeni. Malemu amuna anga anali ndi khansa ya Kaposi, miyendo inatupa yolimba gwa, mofini anawathandiza mpaka anayambanso kukhala pakhonde kumvera mpira pa wailesi, koma kuchimbudzi kunali nkhondo. Mapilitsi atatha anesi oyendera kunyumba anandiphunzitsa za njere za papaya, umayanika padzuwa ziume bwino, nkusinja, nkuthira kasupuni kakang'ono mphala. Zimawawa mkamwa ngati tsabola koma zinkagwira. Ndipo pa miyezi yonse ija bambo aja sanapemphepo kuti ndionjezere kunja kwa nthawi chifukwa chongofuna, akamva bwino ankachita kuiwala ine ndi amene ndinkawakumbutsa.

Wa Famase: Ndingoonjezera za mabotolo. Wobiriwira ndi wofatsa, 1mg pa 1ml. Pali wina wofiira, 10mg pa 1ml, wamphamvu kakhumi. Tsiku lina akadzakupatsani wofiira musadzayeze mofanana ndi mmene munkayezera wobiriwira, werengani lebulo ndipo funsani pawindo pomwepo akuonetseni pa sirinji. Osayezera supuni ya tiyi, masupuni a mnyumba ndi osiyanasiyana. Botolo likhale pamwamba pomwe ana safika, mtundu wake umaoneka ngati zakumwa za ana. Ndipo malume adziwe kuti amenewo ndi mankhwala a mkabati ya loko, analembedwa mkaundula mdzina la wodwala, kuyenda nawo mchikwama munthu amene si mwini wake kapena gadiyani ndi mlandu pansi pa Dangerous Drugs Act.

Kabaza Boy: Kkkk a Famase mukufuna malume agone ku polisi

Wa Famase: Sindinatero aise, ndangonena lamulo.

Mjoni Original: Ine ndiwaikire kumbuyo achimwene a Nachisale pang'ono, chifukwa inu amene muli kumudzi simunaone nyaope. Ndimakhala ku Pretoria. Pita ku Marabastad mmawa ukaone ana a anthu, ena ndi a kwathu konkuno anabwera kudzasaka ganyu, ataima chopindika maso otseka ndudu ikupsa chala osamva. Nyaope ndi heroin wosakaniza ndi chamba ndi zinyalala zina, ndipo heroin amapangidwa kuchokera ku mofini yemweyo. Mnyamata wina tinkapanga naye lendi anagulitsa ketulo, ayironi, mpaka chitseko cha bafa. Akasowa mmawa amagubuduzika pansi atagwira mimba, thukuta, mamina, kutsegula mmimba, kuyasamula kosalekeza. Nde munthu waona zimenezo umuuze kuti mayi ako tikuwapatsa mofini, akuyankha chani?

Nesi Wopuma: A Mjoni mantha amenewo ndi omveka ndipo simunaname, mofini, heroin, codeine, pethidine, tramadol, fentanyl, methadone ndi banja limodzi, zimakagwira malo amodzi mu ubongo. Koma pali zinthu ziwiri zomwe anthu amaziphatikiza. China ndi thupi kuzolowera: aliyense akamwa mofini masabata angapo, ukamusiyitsa mwadzidzidzi adzamva zomwe mwafotokozazo, thukuta ndi kutsegula mmimba, nchifukwa chake ululu ukachepa timatsitsa pang'onopang'ono mpaka kusiya, ndipo anthu amasiya bwinobwino. China ndi chibaba chija choti munthu moyo wake wonse wasanduka kusaka mankhwala, akuba, akunama, akudziwa kuti zikumuononga koma sangathe kuima. Chachiwirichi mwa odwala khansa omwa muyezo wa kuchipatala pakamwa pa nthawi yake sichichitika kawirikawiri. Wosuta kapena wodzibaya heroin zimafika mu ubongo pa masekondi nde amamva kukoma kuja, mofini wakumwa amalowa mwapang'onopang'ono, wodwala amangomva kuti ululu wachoka agone. Komanso malume akalanda botolo munthu atayamba kale kumwa, akuwabweretsera mlongo wawo mavuto awiri, ululu ndi kusiya mwadzidzidzi.

Kabaza Boy: Nanga ku America? Si madokotala omwewo anawapatsa anthu mapilitsi mpaka dziko lonse kuonongeka?

Sisi wa ku Leeds: Ya ku America ndi yoona koma tiyeni tiinene yonse. Kampani ya Purdue Pharma, ya banja la Sackler, inatulutsa OxyContin, mapilitsi a banja la mofini, mu 1996 nkumauza madokotala kuti chiopsezo chozolowera ndi chochepa kwambiri, nde anayamba kulembera aliyense, wa msana, wa dzino, wa bondo, mabotolo odzadza a mwezi wathunthu. Mu 2007 kampaniyo inavomera mlandu wonamiza anthu nkulipira ndalama zoposa madola 600 miliyoni, mu 2020 inavomeranso milandu ina. Boma litafinya mapilitsi anthu omwe anali atakodwa kale anathamangira ku heroin, kenako fentanyl wa mmisika amene mphamvu yake ndi ka 50 mpaka ka 100 kuposa mofini. Mu 2021 ndi 2022 anthu oposa 100,000 pa chaka anamwalira ndi kumwa mankhwala mopyola muyezo, ambiri ake fentanyl.
Koma ife vuto lathu ndi lotembenuza. Lipoti la Lancet la 2017 linapeza kuti theka losauka la anthu a padziko lapansi limalandira mofini wosafika 1 pa 100 aliyense wogawidwa padziko. Ine ndimagwira ntchito yosamalira okalamba kuno, gogo wa khansa amamuika kampope kakang'ono kolowetsa mankhwala pansi pa khungu usana ndi usiku, palibe amene amalola kuti abuule. Ndikaimba kumudzi ndimamva kuti azakhali akulira ndi panado. Zimandipweteka kuti aku America anadya mopyola ife nkumasala chifukwa cha iwo.

Mkulu wa Mpingo: Ine sindikutsutsa za mankhwala, Mulungu ndi amene anapatsa madokotala nzeru. Chomwe ndingapemphe nchakuti malume asanyozedwe. Munthu uja akuona mlongo wake akupita, botolo lija kwa iye ndi chizindikiro choti achipatala agwa mphwayi. Mwana wanga usakangane nawo pamaso pa odwala. Apemphe akuperekeze kuchipatala akamve okha kwa adokotala, ife akuluakulu mawu a mwana timawapeputsa koma a munthu wovala yunifolomu timamva.

Mai a Tadala: Apa mwanena abambo. Komanso mwini ululu afunsidwe, amayiwo akufuna chani? Tonse tikungokamba za malume ndi achimwene.

Nachisale: Amayi anena okha mmawa uno kuti ndipatseni aja obiriwira, tsiku lomwe ndinamwa ndinagona. Malume anangotuluka panja osayankha. Ndawapempha kuti mawa tipitire limodzi, avomera koma botolo akuti aligwira okha mpaka akamve.

Nesi Wopuma: Zili bwino, koma usiku wa lerowu ndi wautali kwa munthu wa ululu, yesa kuwatuma akulu ena awalankhule lero lomwe. Poti uli ku Blantyre, ku Queens kuli kiliniki ya Tiyanjane, ntchito yawo ndi imeneyi ndipo kukhala pansi ndi achibale ovuta anazolowera, za ana kuli Umodzi. Amene muli ku Salima kuli Ndi Moyo yomwe anayambitsa mayi Lucy Finch. Zipatala za maboma nazonso zili ndi anthu ophunzitsidwa za chisamaliro chimenechi, ukafika ungofunsa kuti a paliyetivu ali kuti. Mofini wamadziyu njira yake tinaonera ku Uganda, Dr Anne Merriman anayambitsa Hospice Africa Uganda mu 1993, kusungunula ufa wa mofini mmadzi nkuthira mmabotolo, zotchipa kwambiri, ndipo mu 2004 dziko lija linalola anesi ndi ma clinical officer ophunzitsidwa kuti azilemba okha mofini osadikira dokotala amene kumudzi kulibe.

Mjoni Original: Chabwino za amayi ndamva, ndipo Nachisale ngati ukufuna achimwene akowo ndikhoza kuwatumizira zomwe alemba anesizi. Koma funso langa latsala. Nanga amene anakodwa kale aja? Mnyamata ndimanena uja abale ake anamutengera kumudzi, anamutsekera mnyumba masabata angapo mpaka anayera, ananenepa, tonse tinati wachira. Atangobwerera kuno sabata yomweyo anamupeza mchimbudzi cha pa renki atauma.

Wa Famase: Pepani kwambiri. Zimenezo ndi zomwe zimapha ambiri. Munthu akakhala masabata osasuta thupi limaiwala muyezo uja, nde akabwerera nkutenga wofanana ndi wakale kupuma kumaima. Otuluka kundende ndi otuluka ku rehab ndi amene ali pa chiopsezo chachikulu masabata oyambirira. Kutsekera munthu kumachotsa mankhwala mmagazi koma chibaba chimatsala mu ubongo miyezi kapena zaka.

Che Dar: Ine ndimapita ku Dar es Salaam kukaoda katundu ku Kariakoo, nde ndinaona ndi maso. Pa chipatala cha Muhimbili pali kiliniki ya methadone, mankhwala othandiza okodwa ndi heroin, inatsegulidwa mu 2011. Mnyamata amene amandinyamulira mabelo anali wa heroin wodzibaya, pano mmawa uliwonse asanayambe ntchito amapita kukaima pa mzere, amamwa kakapu ka mankhwala amadzi pamaso pa nesi, basi nkubwera kudzasenza katundu tsiku lonse. Ndinamusiyirapo ndalama za katundu osasowa olo shilingi. Anandionetsa mikono, mitsempha yonse inafa zipsera zokhazokha, koma munthu ali bho, anakwatira.

Mkulu wa Mpingo: Apa pokha ndiye ndikanika kumvetsa. Methadone mwati ndi wa banja lomwelo. Nde mwamuchotsa munthu mu ukapolo wina nkumulowetsa mu wina, kusiyana kwake nkwakuti pano mbuye wake ndi boma. Kuchira ndi kusiyiratu.

Sisi wa ku Leeds: Abambo ndikulemekezani koma apa tisiyana. Heroin amatha mthupi pa maola ochepa, nde munthu amakhala akukwera kutsika katatu kanayi pa tsiku, nthawi yonse akusaka ndalama ya ulendo wotsatira, nkuba komwe kumachokera pamenepo, kubwerekana masingano nkupatsirana HIV ndi hepatitis C. Methadone amakhalitsa, kumwa kamodzi kumakwana tsiku lonse, pa muyezo woyenera munthu saledzera komanso sadwala, amangokhala munthu wamba. Anayamba ndi madokotala awiri ku New York, Vincent Dole ndi Marie Nyswander, cha mma 1960, ndipo a WHO anaika methadone ndi buprenorphine pa mndandanda wa mankhwala ofunikira mu 2005. Buprenorphine ndi kapilitsi koika pansi pa lilime, iye ngozi yoimitsa kupuma ndi yocheperako. Kafukufuku wa maiko ambiri amaonetsa kuti amene ali pa mankhwalawa imfa zimatsika ndi theka kapena kuposa poyerekeza ndi amene sali pa chithandizo. Ma ARV timamwa moyo wonse ndipo palibe amene amati ndi ukapolo. Ena amadzatsitsa pang'onopang'ono nkusiya patapita zaka, ena sasiya, koma ali moyo ndipo akulera ana awo. Wakufa sangalape abambo.

Mkulu wa Mpingo: Mawu omalizawo ndawamva. Komabe mtima wanga sunakhazikike, munthu kumadzuka tsiku lililonse kukaima pa mzere zaka khumi.

Wa Famase: Nkhawa imeneyo ndi yoona ndipo ndi chifukwa china chomwe ena amathawira, transipoti ya tsiku ndi tsiku si masewera, maiko ena okhazikika amawapatsa a masiku angapo kunyumba. Methadone nayenso si switi, masabata oyamba amaunjikana mthupi nde muyezo umakwezedwa mosamala, ukaphatikiza ndi mowa kapena diazepam amapha, mwana akamwa olo pang'ono amatha kufa. Nchifukwa chake amamwera pamaso pa nesi.

Mjoni Original: Kuno ku Pretoria ziliko, kuli pulogalamu ya COSUP ya khonsolo ya Tshwane ndi University of Pretoria, amapereka methadone ndi masingano atsopano. Ndinazidziwa mochedwa, mnzanga uja atapita kale. Anyamata athu ambiri amaopa kupita chifukwa cha mapepala.

Che Dar: Kenya nayo inayamba mu 2014, ku Maputo nakonso a bungwe la madokotala la MSF anatsegula. Heroin amatsikira mmadoko a Indian Ocean omwewa, ndipo malole a ku Dar, Nacala ndi Beira amadutsa kwathu tsiku lililonse, tisamadzinamize kuti ndi za eni ake.

Nesi Wopuma: Ndipo tisaloze kutali kokha. Mzipatala mwathu momwemu muli anzathu amene anakodwa ndi pethidine. Umaona munthu akukonda naiti, akudzipereka kusunga kiyi wa kabati, mkaundula ma ampule osweka achuluka pa shifiti yake yokha, wodwala wa opaleshoni walembedwa kuti wabayidwa koma akulirabe. Tikamugwira timangomusamutsa kapena kumuchotsa ntchito mwakachetechete, chithandizo osampatsa. Kenako oyang'anira amaopa, kabati amaikhwimitsa, kiyi amapita naye kunyumba Loweruka, wovutika nkukhala wodwala khansa wa pa wodi. Pethidine yemweyo pa ululu wa nthawi yaitali ndi wosathandiza, amatha msanga komanso zotsalira zake mthupi zimayambitsa kukomoka ngati khunyu.

Kabaza Boy: Ndifunseko, ndikufunsira mnzanga wina wa pa siteji pathu kkk. Iye amamwa tramadol chifukwa cha msana, njinga tsiku lonse mukudziwa, amagula pa kafamase kena popanda pepala. Anayamba kamodzi mmawa pano amamwa awiri mmawa awiri masana awiri madzulo nthawi zina kuonjezera, akapanda kumwa thupi limaphwanya, mphuno kuchucha, tulo osabwera, miyendo kumangoyenda yokha pabedi. Imeneyo ndi iti pa ziwiri zija anesi?

Mai a Tadala: Mnzanuyo mukumudziwa bwino mpaka za miyendo pabedi kkkkk

Kabaza Boy: Timagona nyumba imodzi mayi

Wa Famase: Muuzeni mnzanuyo ayang'ane pa paketi kuti kapisozi mmodzi ndi ma mg angati. Malire a tramadol ndi 400mg pa tsiku, kupyola apo munthu amatha kugwa khunyu, tangoganizani zichitike ali pa msewu ndi kasitomala kumbuyo. A mmisika ena amabwera a 200 kapena 225mg, omwe avutitsa ku Ghana ndi Nigeria, amenewo awiri okha wafika kale pa malire kapena kudutsa. Asaphatikize ndi mowa kapena mankhwala a chifuwa a codeine. Famase yogulitsa popanda pepala la dokotala ikuphwanya lamulo, a PMRA, bungwe la boma loona za mankhwala, ndi amene amayang'anira zimenezo.

Nesi Wopuma: Thupi lazolowera, izo nzachidziwikire. Ngati akuonjezera yekha, akumwa olo msana usakupweteka, ndalama ya ndiwo ikuthera komweko, nde chinacho chayambanso. Asasiye lero ndi lero, adzadwala nkubwererako mawa lake. Apite kuchipatala ndi paketi yomweyo akanene nambala yeniyeni ya makapisozi osachepetsa, amukonzere kotsitsa pang'onopang'ono, msanawo aupimenso chifukwa mwina chofunika ndi fizo ndi kukweza chishalo. Za chibaba a St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe amathandiza, kummwera kuno kuli Zomba Mental, ndipo kupita kumeneko sikutanthauza misala.

Kabaza Boy: Ndaona pa paketi, alemba 100. Nde 6 pa tsiku ndi 600 eti

Wa Famase: Eya, 600. Mawa asakwere njinga, apite kuchipatala mmawa.